Nkhani ya Nkhondo Ili ndi Mwini Wake

  Mwandipempha kuti ndilankhule za ndalama za thandizo zimene mabungwe amapereka kwa anthu ofuna kujambula ndi kulemba zimene anzathu adaona pa nkhondo. Ndiloleni ndiyambe ndi mayina, ndalamazo tikumana nazo kutsogoloku.

Ku Zomba, pafupi ndi Cobbe Barracks, pali nsanja ya njerwa yokumbukira asilikali a King's African Rifles amene adafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918. Makolo athu ankaitchula kuti nkhondo ya chiwaya, potengera mfuti ija yolavula zipolopolo mosapumira. Pansanjapo pali mayina, ndipo ndi bwino kuti alipo. Komatu dziko lino, limene nthawi imeneyo linkatchedwa Nyasaland, lidapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000. Kumbuyo kwa msilikali mmodzi aliyense kudali anthu ngati khumi osenza ufa, zipolopolo ndi machira, akuyenda wapansi kupitirira Karonga kulowa m'dziko limene linkalamulidwa ndi Ajeremani, mvula ili pamsana. Ochuluka adatsikira kuli chete m'njira momwemo chifukwa cha kamwazi, malungo ndi njala. Mayina awo tingakawawerenge pamwala uti?

M'chaka cha 2021, bungwe la Commonwealth War Graves Commission, limene limasamalira manda a anthu ofera pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu zija, lidavomera poyera kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, ambiri mwa iwo a kum'mawa kwa Africa ndi a ku Egypt, sadakumbukiridwe ndi mayina awo, ndipo ena sadakumbukiridwe n'komwe. Ndalama zosemera miyala zidalipo. Alembi adalipo. Chimene chidasowa ndi mtima woona mtengatenga ngati munthu woyenera kutchulidwa dzina. Apa ndiye pagona nkhani yanga yonse lero: wogwira thumba la ndalama, adziwe kapena asadziwe, ndiye amasankha amene adzakumbukiridwe ndi amene adzaiwalike.

Mwamwayi, mawu ena adapulumuka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, katswiri wa mbiri yakale Melvin Page, amene ankaphunzitsa ku Chancellor College, adayenda m'midzi pamodzi ndi achinyamata a dziko lino amene ankamuthandiza kufunsa ndi kumasulira. Adacheza ndi nkhalamba zimene zidanyamulapo mfuti ndi zimene zidasenzapo katundu, ndipo pa macheza amenewo mpamene padachokera buku lija la The Chiwaya War, lotuluka m'chaka cha 2000. Nkhalambazo zidali zitadutsa kale zaka 70. Akadazengereza zaka khumi kapena khumi ndi zisanu, akadapeza mitumbira. Zimene tikudziwa lero za mtengatenga, m'mawu a mtengatenga mwini wake, zambiri tikuzidziwa chifukwa cha ulendo umenewo.

Ifenso tili ndi nkhalamba zathu zimene dzuwa likuzilowera tikuona. Nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo ku Mozambique idayamba cha m'ma 1977, n'kutha pa 4 Okutobala 1992, pamene Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama adasayina pangano la mtendere ku Rome. Anthu pafupifupi 1 miliyoni adafa. Malawi, dziko limene pa kalembera wa 1987 lidali ndi anthu pafupifupi 8 miliyoni, lidalandira othawa nkhondo oposa 1 miliyoni. Ku Nsanje alendo adachuluka kuposa eni boma. Ku Dedza ndi ku Ntcheu, kumene msewu waukulu ndiwo malire, anthu a ku Angonia ankangodumpha msewu usiku n'kukagogoda kwa amalume awo. Asilikali athu ankalondera njanji ya Nacala. Nkhondo imeneyo idaliridwa m'Chichewa, m'Chisena, m'Chilomwe ndi m'Chiyao. Mayi amene adawoloka Shire mu 1986 ali ndi zaka 30, mwana kumsana, lero zaka zake zikusendera ku 70. Nthawi yathu ya Melvin Page ndi inoyi.

Sikuti palibe amene adafunsapo anthu amenewa. M'chaka cha 1988, Robert Gersony, atatumidwa ndi boma la America, adacheza ndi othawa nkhondo pafupifupi 200 m'maiko asanu, kuphatikizapo Malawi. Lipoti lake lidanena kuti anthu wamba okwana 100,000 ayenera kuti adaphedwa ndi Renamo, ndipo lidafooketsa amene ankafuna kuti America azithandiza gululo. Lidagwira ntchito yake, ndipo ndimalilemekeza. Koma mafunso ake adali a mwini ndalama: adapha ndani, adapha angati, anthu akuthawa chiyani. Harri Englund, amene adakhala nthawi yaitali m'midzi ya m'malire a Dedza ndi Angonia, akulankhula Chichewa, adamva zina zimene wodutsa sangamve: yemwe adabwereka mnzake munda, momwe chibale chidalimbira ndi momwe chidaswekera, momwe anthu adakhalirananso atabwerera kwawo. Awiriwa adasiyana chifukwa wina adapatsidwa miyezi yowerengeka ndi funso limodzi, wina adali ndi nthawi yodya nsima ndi eni mudzi. Nthawi nayo imagulidwa ndi ndalama.

Tsono ngati ndalama zili ndi mphamvu yotere, kodi ziyenera kulipira chiyani? Ndikutchulirani zinthu zinayi, ndipo chilichonse mwa izo chiyenera kuoneka mu bajeti ndi mzere wakewake. Mfundo yabwino imene ilibe mzere mu bajeti imathera papepala.

Choyamba ndi chilolezo cha mwini nkhani. Tonse tikudziwa momwe zimakhalira galimoto ya bungwe ikaima pabwalo la mudzi. Amfumu amaitanitsa anthu, wina amatulutsa kope n'kuyamba kulemba mayina, ndipo m'mitima ya anthu mumabwera chiyembekezo cha ufa kapena makuponi a feteleza. Mayi akadinda chala pafomu ali ndi chiyembekezo chimenecho, wavomera thumba la ufa limene silidzabwera, nkhani yake sadaipereke. Kupita kwa amfumu ndi ulemu woyenera, ndipo palibe wanzeru amene angalowe m'mudzi osalonjera mwini mudzi. Koma amfumu amatsekula njira ya m'mudzi basi. Chitseko cha mtima wa munthu mwini wake ndiye amatsekula.

Chilolezo chenicheni chimafuna maulendo angapo. Ulendo woyamba mumapita opanda chojambulira mawu, kukangodziwana ndi kufotokoza. Mumanena mosabisa kuti thandizo la chakudya mulibe, kuti mawuwo akasungidwa kwakuti, kuti adzawamva ndi akutiakuti, ndiponso kuti intaneti ndi bwalo lopanda mpanda, loti chimene chaikidwapo mdzukulu wa mdani wawo angachione. Kenako mumachoka, munthuyo agonere nkhaniyo, afunse ana ake. Mukabwerera, akhoza kukana, ndipo kukana kwake kulandiridwe ndi nkhope yomweyo imene mukadalandira nayo kuvomera. Akavomera, asankhe yekha: mawu okha kapena ndi chithunzi chomwe, dzina lenileni kapena lobisa, nkhaniyo imveke tsopano kapena iye atapita. Maulendo atatu m'malo mwa umodzi ndiye kuti mafuta a galimoto katatu. Wopereka thandizo amene akufuna chilolezo choona alolere kulipira mafutawo.

Tiyeneranso kulemekeza kukhala chete. Ku Mozambique, nkhondo itangotha, nyumba ya malamulo idakhululukira onse amene adalakwa pa nkhondoyo, ndipo sikudakhale komiti yofufuza choona ngati ya ku South Africa. Wopha ndi woferedwa adabwerera m'mudzi umodzi, n'kumatunga madzi pachitsime chimodzi. Alcinda Honwana, katswiri wa ku Mozambique komweko, adalemba za miyambo imene mabanja ankachita poyeretsa ana obwera ku nkhondo, monga kutentha zovala zimene adabwera nazo, ndipo adaonetsa kuti kwa ambiri kuchira kudadzera m'kutseka nkhaniyo, poopa kuti kuitchula n'kuitana mizimu yoipa. Amene amabwera ndi chikhulupiriro choti kulankhula kumachiritsa aliyense akhoza kutukula chilonda chimene mudzi udachimanga m'njira yakeyake. N'chifukwa chake malangizo a Murad Code, amene adatuluka mu Epulo 2022 ndipo adatchulidwa dzina la Nadia Murad, mayi wa Chiyazidi wa ku Iraq, amalimbikitsa wofufuza kudzifunsa kaye ngati kufunsako kuli kofunikadi, ndi kupewa kubwereza mafunso kwa mayi amene adagwiriridwa ndipo ena adamufunsa kale. Ndipo ngati munthu wayamba kulira usiku wonse inu mutachoka, apite kwa yani? Mu bajeti mukhale ndalama ya mlangizi wodziwa za mabala a mumtima, wa ofunsidwa ndi wa ofunsa omwe, chifukwa mnyamata amene wamvera nkhani za kuphana kwa miyezi isanu ndi umodzi nayenso amasenza katundu.

Chachiwiri ndi chinsinsi. Apa ndikuuzani zimene zidachitika kutali, kuti tiphunzirepo. M'chaka cha 2001, sukulu ya Boston College ku America idayamba kujambula mawu a anthu amene adamenya nawo nkhondo ya ku Northern Ireland, a mbali zonse ziwiri. Adawalonjeza kuti zimene anene sizidzamveka mpaka iwo atamwalira, ndipo anthuwo adamasuka, ena mpaka kuulula za kuphedwa kwa anthu. Mu 2011 apolisi a ku Northern Ireland, kudzera ku boma la America, adaitanitsa matepiwo, ndipo makhoti adalamula kuti ena aperekedwe. Mu 2014 mtsogoleri wa chipani cha Sinn Féin, Gerry Adams, adasungidwa masiku anayi akufunsidwa za imfa ya Jean McConville, mayi amene adaphedwa mu 1972, kenako adamumasula osamuzenga mlandu. Ntchito yonse idagwa, ndipo sukuluyo idayamba kubweza matepi kwa eni ake. Akuluakulu adati mlandu suola. Ofufuzawo adalonjeza chinthu chimene lamulo silidawapatse mphamvu yochisunga.

Phunziro lake ndi lakuti musalonjeze chimene simungathe. Musanajambule mawu a munthu amene adagwirapo mfuti, funsani loya kuti khoti likaitanitsa mawuwo mudzatani, ndipo yankho lake mukamuuze mwini nkhani asanatsekule pakamwa. Loyayo alipidwe kuchokera mu thandizo lomwelo. Kwathu kuno nkhaniyi ndi yamoyo. Mu 2016 anthu a ku Tete adathawiranso ku Kapise m'boma la Mwanza, mpaka msasa wa Luwani udatsekulidwanso. Ku Cabo Delgado, ku Mozambique komweko, mfuti zakhala zikulira kuyambira mu Okutobala 2017. Ku Dzaleka, m'boma la Dowa, kuli anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda, ndipo ena mwa iwo amene adawathamangitsa akadali ndi mphamvu kwawo. Foni ya wofufuza ikatayika mu minibasi muli mawu ndi mayina a anthu otere, banja lina kutsidya likhoza kugona ndi mantha. Choncho mayina asungidwe padera, mawu padera, zonse zokhoma, ndipo zipangizo zotero zimagulidwa ndi ndalama.

Chachitatu ndi chakuti onse amveke. Mukafika pamudzi n'kunena kuti mukufuna odziwa za nkhondo, adzakubweretserani abambo atatu odziwa kulankhula pagulu, mmodzi mwa iwo wodziwako Chingerezi kapena Chipwitikizi. Amayi adzakhala chapatali pamphasa, akusenda chimanga. Komiti ya choona ndi chiyanjano ya ku South Africa, imene idalandira maumboni oposa 21,000, idaona chinthu chofunika kuchikumbukira: amayi adabwera ambiri, koma ochuluka ankafotokoza zimene zidagwera amuna awo, ana awo ndi alongo awo, za iwo eni osatchula. Mpaka komitiyo idakonza misonkhano ya amayi okha. Mayi wa ku Tengani kapena ku Tsangano sanganene zimene adamuchita asilikali pamaso pa mnyamata wa msinkhu wa mwana wake, apongozi ali pomwepo. Pafunika ofunsa achizimayi, malo obisika, ndi nthawi imene iye alibe ntchito ya kumunda kapena kuchigayo.

Aliponso ena amene timawadumpha. Amene adali ana nthawi imeneyo, ena atagwidwa n'kupatsidwa mfuti asanamere ndevu. Olumala amene adaponda mabomba okwirira. Osamva ndi osalankhula, amene amafuna womasulira chinenero cha manja. Eni midzi ya kuno amene adagawa minda, nkhuni ndi manda awo kwa alendo, mitengo n'kutha m'mapiri. Madalaivala amene ankadutsa njira ya ku Tete moperekezedwa ndi asilikali. Akazi ndi ana a asilikali athu amene adapita ku Nacala, ndi a amene apita ku Congo zaka zapitazi, monga Chancy Chitete, amene adafa mu Novembala 2018 akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania ndipo bungwe la United Nations lidamulemekeza ndi mendulo mu 2019. Tisaiwalenso amene adali mbali imene ife sitiikonda. Mbiri imene ili ndi mawu a mbali imodzi yokha imadzakhala nkhuni za nkhondo ina.

Pa nkhani ya chilankhulo ndilankhula motsindika. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Munthu anene nkhani yake m'chilankhulo chimene adalirira, ndipo mawuwo alembedwe kaye m'chilankhulo chomwecho asanamasuliridwe. Ola limodzi la mawu ojambulidwa limadya maola angapo kuti lilembedwe bwino, kumasulira kumadyanso ena. Ntchito imeneyi ndiyo imayamba kudulidwa bajeti ikachepa, ndipo zotsatira zake timaziona: lipoti la Chingerezi lokhala ndi tiziganizo tiwiri ta mayi uja, pamene maola atatu a Chisena chake chokoma, ndi miyambi yake, ndi pamene adakhala chete, palibe adzazimvenso. Ndipo mnyamata kapena mtsikana wa pamudzi amene adatsogolera, kumasulira ndi kulemba, dzina lake lilembedwe pachikuto pamodzi ndi la mwini digiri, malipiro ake akhale a katswiri, chifukwa popanda iye mlendoyo sakadamva kanthu.

Nanga mwini nkhani alandirepo kanthu? Funso limeneli limavuta ambiri. Ena amati mukalipira ndiye kuti mwagula umboni. Ine ndimati munthu amene wasiya dimba lake tsiku lonse abwezeredwe tsiku lakelo, ndipo mwambo wathu sulola kupita kwa munthu wamkulu chimanjamanja, popanda ngakhale shuga kapena sopo. Chofunika n'chakuti onse alandire mofanana, wolankhula maola atatu ndi amene waima pakati n'kunena kuti basi, wa nkhani yoopsa ndi wa nkhani ya momwe ankaphikira nandolo wa mumsasa. Mukayamba kupereka zambiri kwa wa nkhani yomvetsa chisoni kwambiri, mwatsekula msika wa misozi, ndipo choona chidzathawa.

Chachinayi ndi kusunga ndi kubweza. Apa ndili ndi mlandu wanga. Ndili wachinyamata ndidajambula mawu a agogo ena a m'malire, amene adandilandira masiku awiri n'kundifotokozera momwe adathawira ndi ana awo. Ndidawalonjeza kuti ndidzabwera ndi kaseti yawo kuti adzukulu amve. Ndalama za ntchitoyo zidatha lipoti litangoperekedwa, makaseti adakhala m'katoni, chinyezi chidalowa, ndipo pamene ndidapeza mpata wobwerera, agogowo adali atagona kumanda. Adzukulu adandifunsa za mawu a agogo awo, ndipo ndidalibe chowapatsa. Chilonda chimenecho ndili nacho mpaka lero, ndipo ndicho chandiimika pano.

Thandizo lambiri limakhala la chaka chimodzi kapena ziwiri, pamene mawu a munthu ayenera kukhala zaka 100. Bungwe la Shoah Foundation, limene Steven Spielberg adayambitsa mu 1994, lidajambula maumboni pafupifupi 52,000 a opulumuka ku nkhanza za chipani cha Nazi, m'maiko 56 ndi m'zilankhulo 32. Zinthu ziwiri zimene adachita n'zoti titengere. Wofunsidwa ankalandira tepi ya umboni wake kuti ikhale ya banja lake, ndipo mu 2006 nkhokwe yonseyo idapatsidwa nyumba yokhazikika ku University of Southern California. Ifenso tisanajambule liwu ndi limodzi lomwe, tidziwe kumene likagone. Tili ndi National Archives ku Zomba, tili ndi malaibulale a m'mayunivesite athu, ku Maputo kuli Arquivo Histórico de Moçambique. Gawo la thandizo lipite kumeneko, kuti akhale ndi makompyuta, magetsi odalirika ndi munthu wosamalira. Pulogalamu ya Endangered Archives ya British Library, imene yakhala ikupereka thandizo kuyambira 2004 ndi ndalama za bungwe la Arcadia, ili ndi lamulo labwino lakuti zinthu zenizenizo zisachoke m'dziko la eni ake ndipo makope atsale komweko. Imafunanso kuti makopewo aikidwe pa intaneti kuti aliyense aone. Zimenezo n'zoyenera pa makalata akalekale, koma pa umboni wa munthu wamoyo mawu omaliza akhale a mwini wake.

Kubweza kuli ndi njira zambiri zosafuna chuma chambiri. Mawu aikidwe pa memori khadi imene banja lingamvere pafoni. Kabuku ka Chichewa kapena Chisena kaperekedwe kusukulu ya pamudzipo. Wailesi ya m'dera iulutse zimene eni ake alola. Ndipo musanasindikize, bwererani mukawerengere mwini nkhani zimene mwalemba, kuti akonze pamene mwalakwitsa ndi kuchotsa chimene wasintha nacho maganizo. Ulendo womalizawu ulembedwe mu bajeti kuyambira pachiyambi, chifukwa ukasiyidwa kuti udzaonedwe kumapeto, umapezeka kuti thumba lauma.

Tsopano ndilankhule ndi inu opereka thandizo, ngati muli muno kapena ngati mawuwa adzakupezani. Musayeze ntchito ndi chiwerengero cha anthu ofunsidwa chokha. Mukauza wofufuza kuti abweretse maumboni 500 pa miyezi isanu ndi umodzi, mwamuuza kuti athamange, ndipo wothamanga sadikira kuti nkhalamba imalize kupukuta misozi. Mufunseni kuti ndi angati adakana, chifukwa ntchito imene palibe ndi mmodzi yemwe adakana ikukayikitsa ngati anthu adali ndi ufulu wokana. Mufunseni kuti amayi adali angati, zilankhulo zidali zingati, mabanja angati adalandira mawu awo. Ndipo khulupirirani eni dera. Nkhondo yaikulu itabuka ku Ukraine mu 2022, bungwe la Institute for Human Sciences la ku Vienna lidayambitsa pulogalamu ya Documenting Ukraine, yopereka ndalama zochepa koma mwachangu kwa akatswiri, atolankhani, aluso ndi osunga mbiri a ku Ukraine komweko, kuti alembe nkhondo yawo m'njira imene iwo aona kuti ndi yoyenera. Mphunzitsi wa mbiri yakale wa ku sekondale ya ku Nsanje, amene amayi ake adaphikirapo othawa nkhondo, angachite zambiri ndi ndalama imene mlendo angathere pa tikiti ya ndege ndi hotelo. Mafomu anu akhale oti iye angathe kulemba, ndipo muwalandire ngakhale m'Chichewa.

Kwa inu opempha thandizo, makamaka achinyamata, ndikuti musaope kulemba mtengo weniweni wa ntchito yabwino. Lembani maulendo atatu aja. Lembani mlangizi, loya, womasulira, nkhokwe ndi ulendo wobweza. Pitani ku komiti yoona za chilungamo pa kafukufuku, monga zimene zili pansi pa National Commission for Science and Technology, ndipo muziona mafunso awo ngati a mnansi wokutsina khutu. Werengani pangano musanasayine, makamaka ndime yonena za mwini wa mawu ojambulidwawo. Ngati pangano likuti zonse ndi za bungwe lopereka ndalama, kuti lingazigwiritse ntchito mmene lifunira, ngakhale kuika nkhope ya mayi uja pa chikwangwani chopemphera ndalama zina, kambiranani kuti ndimeyo isinthe. Ikakanika kusintha, ndalamazo zisiyeni. N'zowawa kukana thandizo m'dziko losauka ngati lathu, ndikudziwa. Koma amene adzayang'anane maso ndi adzukulu a mayiyo ndi inu, wopereka ndalama adzakhala ali kutali.

Ndiponso tisamangoyang'ana kunja. Mipingo ndi mizikiti imene idalandira othawa nkhondo ili ndi mabuku a ubatizo, a maukwati ndi a maliro a zaka zimenezo. Makhonsolo a maboma a m'malire, mayunivesite, wailesi za m'madera, ngakhale abale athu amene ali ku Johannesburg ndi ku London, angasonkhe kangachepe. Mutu umodzi susenza denga. Mbiri imene talipira tokha, ngakhale theka lake, tidzakhala ndi mawu pa kasungidwe kake.

Amayi ndi abambo, amtengatenga aja adasenza nkhondo ya eni pamitu pawo, ndipo pamene ndalama zokumbukira akufa zinkagawidwa, padalibe wowalankhulira. Patapita zaka zoposa 100, bungwe lidapepesa, koma mayina ambiri adapita ndi mphepo. Amene adaona nkhondo ya ku Mozambique akadali nafe. Ena ndi agogo anu, ena ndi aja amagulitsa mbatata ndi kabichi pa Lizulu, ena akhala nanu pa benchi imodzi kutchalitchi zaka 30 osatchulapo kanthu. Mukapita kwa iwo, kaya ndi thandizo la mamiliyoni kaya ndi foni yanu yokha, khalani pansi, lonjerani, ndipo musanatsekule chojambulira afunseni kuti: agogo, kodi mukufuna kuti nkhaniyi inenedwe, ndipo mukufuna kuti ikafike kwa yani? Akayankha, tsatirani yankho lawolo mpaka kumapeto, chifukwa nkhaniyo ndi yawo, ife tangopemphedwa kuisenza.